Funsani Wakudimba: duwa la cyclamen pansi pa mpanda, litheka kuno kwathu?

Mwezi uno foni yanga sinapume ayi, mauthenga a pa WhatsApp mbwee, nde chodabwitsa nchakuti angapo akufunsa za duwa limodzi lomwelo, cyclamen, lija pa Chipwitikizi amati ciclame. Kaya linabwera ndi ndani pa Khisimisi pano kaya. Ndangoti tithane nalo lero. Abambo a ku Tsangano amene munafunsa za nsabwe za pa kabichi musandikwiyire, zanu zili mwezi wamawa.

Funso: Wakudimba, ine kuseri kwa nyumba ndili ndi mpanda wa saipulesi, uja ena amangoti mkungudza, komanso mitengo iwiri ya mapichesi, koma pansi pakepo ndi fumbi lokhalokha, kapinga ndinayesa anakana, chilichonse ndikabzala chimangouma. Mwana wanga amagwira ntchito ku Johannesburg nde atabwera anandipatsa timbatata titatu takuda tophwatalala, pa kapepala palembedwa Cyclamen hederifolium, akuti duwa limeneli limakonda malo ouma a mthunzi ngati amenewa. Ndibzale pompano mvula ili pakati chonchi? Komanso kumutu nkuti kumatako nkuti poti konse kukungooneka chimodzimodzi. Ndine Nangozo, ku Ulongwe.

Yankho: Amayi, choyamba bwezani kaye khasu pakhonde. Mwana wanu sananame, pa maluwa onse amene amapirira pansi pa mitengo ameneyu ali m'gulu la akatswiri, kungoti kapepalako kanalembedwa ndi anthu amene nyengo yawo imayenda mosiyana ndi yathu, nde mawu oti "malo ouma" kwa iwo ndi kwa ife sakutanthauza chinthu chimodzi.

Kwawo kwa duwali ndi mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, kuyambira kummwera kwa France, Italy, Greece mpaka kumadzulo kwa Turkey. Kumeneko nyengo yotentha imakhala yopanda mvula, mvula imabwera kukazizira. Nde cyclamen anazolowera zoti kukatentha amayoyola masamba onse nkugona pansi pa nthaka ali gwaa, osafuna madzi, kukayamba kuzizira nkudzuka, amayamba ndi maluwa kenako masamba, masambawo nkukhala nyengo yonse yozizira akudyetsa kambatata kaja. Ife kuno mukudziwa, mvula yathu imabwera ndi kutentha, Disembala, Januwale, Febuluwale, pomwe Juni ndi Julayi kumazizira kuli kouma. Ndiye kuti nthawi imene iye akugona ife timamuthira chimvula, nthawi imene wadzuka ali ndi ludzu kumwamba kuli mbee. Nkhani yonse yagona pamenepa, zina zonsezi nzongowonjezera.

Mwayi wanu ngwakuti muli ku Angonia. Ulongwe ali pamtunda, mamita opitirira 1,200, kuzizira kwa Juni kuja kumene kumatipangitsa kuwotha moto mpaka 8 koloko mmawa iye ndi chakudya chake, ndipo olo chisanu chija chimawaula nyemba m'madimba chigwe iye sichimamukhudza, kwawoko amapirira kuzizira kopitirira madigiri 10 pansi pa ziro. Kutentha kwa Seputembala ndi Okutobala nakonso si vuto poti amakhala ali mtulo ndipo nthaka ili youma. Miyezi yoopsa ndi ya mvula ija.

Ine zinandionekerapo. Chaka china ndinapeza timbatata tisanu, ndinasangalala ngati ndatola chikwama, nkukatibzala pansi pa mango m'dothi la katondo lija limamata ku khasu, ndinachita kuika ndowe zambiri eti poganiza kuti ndikutikomera mtima. Pofika kumapeto kwa Januwale ndinati ndikasuzumire, ndinangolowetsa chala chinangoti fwaa kulowa mkati ngati mbatatesi yoola pansi pa thumba, fungo lakenso lomwelo. Kanapulumuka kamodzi kokha kamene kanali pa muzu weniweni wa mtengo pomwe madzi sankaima. Kameneko ndi kamene kanandiphunzitsa.

Nde chitani chonchi. Pakali pano pezani mphika wadothi wakale, olo ndowa yobooka, muboolenso mabowo ena pansi, muikemo timiyala, kenako dothi losakaniza: gawo limodzi mchenga wa kumtsinje wokhakhala uja, gawo limodzi masamba owolerana a pansi pa mitengo, gawo limodzi dothi lapamwamba. Ndowe ayi, feteleza wa chimanga ayi. Muike timbatatato mmenemo nkusiya mphikawo pakhonde pomwe mvula siikufika, osathirira, mwina kungowaza pang'ono kamodzi pa masabata awiri kuti dothi lisachite fumbi. Cha mu Febuluwale kapena Malichi muona timitu tamaluwa tikutuluka topindika ngati khosi la tsekwe, popanda tsamba olo limodzi, apo ndiye kuti wadzuka, yambani kuthirira. Maluwa ake ndi apinki kapena oyera, ang'onoang'ono, timasamba take tamaluwa timapindikira mmbuyo ngati makutu a kalulu akamathawa. Masamba enieni amabwera pambuyo, amakonakona okhala ndi mizere yotuwa ngati siliva, ndipo kunena zoona ine masambawo ndi amene amandisangalatsa kuposa maluwa chifukwa amakhala miyezi yambiri ndipo simupeza mbewu ziwiri zojambulidwa mofanana.

Za kumutu ndi kumatako, tengani kambatata mukasisite ndi chala. Mbali yosalala yozungulira bwino ngati kunsi kwa mbale ndiyo yapansi. Mbali yokhakhala, yolowa pang'ono mkati, yokhala ndi timaso ndi timizu touma ndiyo yoyang'ana kumwamba. Anthu ambiri amatembenuza chifukwa amaona mizu nkuganiza kuti mizu imapita pansi basi, koma mtundu uwu mizu yake imatulukira pamwamba ndi m'mbali. Kukwirira kwake ndi kwa zala ziwiri zokha, masentimita 3 mpaka 5, mukazika ngati chinangwa muiwale za maluwa.

Tsopano malo. Pa awiri mwatchulawo ine ndingasankhe pansi pa mapichesi, chifukwa pichesi amayoyola masamba nthawi yozizira nde kadzuwa kofatsa ka Juni kamafika pansi nthawi imene cyclamen ali ndi masamba, kukatentha pichesi wavalanso, mthunzi wabwerera. Ndi momwe zimakhalira kwawoko pansi pa mitengo yoyoyola masamba. Koma mukweze malowo, mupange kachulu kakang'ono ka dothi losakaniza lija pafupi ndi tsinde pakati pa mizu, kuti madzi a mvula azingodutsa. Pansi pa saipulesi napo mpabwino pa nkhani ya mvula chifukwa mpanda wothithikana umakhala ngati ambulera ndipo mizu yake imamwa madzi onse otsala, vuto lake nlakuti mu Meyi mpaka Ogasiti pamauma koopsa nde kheni yanu izifikapo kamodzi pa sabata, madzi aja mwatsukira ndiwo zamasamba akwana. Ndipo mubzale m'mphepete mwa mpanda osati mkatikati mwa mdima. Popeza muli nato titatu, kamodzi kasiyeni mumphika chaka chonse, tiwiri nkumakayesa panja mvula ikayamba kuchepa, kuti zikavuta musalire kawiri.

Chomaliza amayi, ndipo apa ndikudziwa tiyambana. Tsache. Fumbi mukulinenalo mbali ina talipanga tokha, mmawa uliwonse kusesa mpaka pansi pa mpanda kuti anthu odutsa aziti pakhomo pa a Nangozo mpaukhondo, masamba onse kukatentha kudzala, chaka ndi chaka, mapeto ake nthaka imatsala ngati simenti. Masamba ogwawo ndiwo chakudya cha duwali komanso bulangete lake. Sesani bwalo lonse mmene mufunira koma pamenepo pokha muuze ana asapafike, khasu nalonso lisayandikire poti mizu ili pamwamba. Muzikepo timitengo kuti akagona mu Okutobala wina asaganize kuti ndi pamalo pachabe nkubzalapo tomato. Nkhuku nazo zikaona masamba owunjikana zimati zapeza ntchito, nde kaminga pang'ono pamwamba kathandiza. Akakhazikika amakhala zaka zambirimbiri ndipo kambatata kaja kamakula mpaka kufika ngati mbale ya nsima.

Funso: Achimwene ine ndakhumudwa. Ndinagulira madam duwa mushopu ina mtauni muno, lokongola zedi lofiira lili mu kapulasitiki, anandiuza kuti ndi cyclamen, ndalama zake sindinena kuopa kusekedwa. Sabata sinathe lagona lonse masamba achikasu, chonsecho timalithirira mmawa ndi madzulo ndipo lili pamthunzi pansi pa mtengo wa nimu. Anandigulitsa lodwala eti? Wa ku Matundo, Tete.

Yankho: Pepani achimwene koma ndaseka kaye pang'ono. Lodwala ayi, munangotenga munthu wa ku Tsangano nkukamukhazika pa mlatho wa Samora Machel masana a Novembala atavala jekete. Limene munagulalo ndi mtundu wina, Cyclamen persicum, lija amalima m'nyumba zagalasi kuti azigulitsa lili ndi maluwa akuluakulu, ndipo limasangalala pa madigiri 10 mpaka 18 basi. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, madigiri 40 kwa inu si nkhani, olo usiku sikuzizira. Likamva kutentha chonchi limaganiza kuti nthawi yogona yakwana nde limayamba kuchita chikasu, inu poona choncho mumawonjezera madzi, madziwo nkukhala pamutu pa kambatata, basi kuola. Siyani kuthirira lero lomwe, mufukule pang'ono mukadine. Ngati kali kolimba kapatseni achibale a ku Angonia kapena ku Furancungo akakasunge pouma mpaka Epulo. Ngati kafewa ndiye kwatha, mphikawo mubzalemo china. Pansi pa nimu wanuyo ikanipo lija amati lilime la apongozi, Apwitikizi amati espada de São Jorge, la masamba olimba osongoka ngati mipeni, limenelo olo muliiwale mwezi wathunthu silidandaula. Kungoti powapatsa madam dzinalo musalitchule kkkk.

Funso: Ndine mphunzitsi kufupi ndi Domwe. Mnzanga amene anakaphunzira ku Portugal anandipatsa njere za Cyclamen coum ndi za hederifolium mu envelopu. Ndikufuna ndifese ndi ana asukulu ngati phunziro. Ndifese liti, ndipo zimatenga nthawi yaitali bwanji?

Yankho: Aphunzitsi mwaganiza bwino, ndipo kunena zoona njere ndi njira yabwino kuposa timbatata tochokera ku Ulaya, chifukwa kambatata kakumpoto kamabwera ndi kalendala yakwawo mmutu, kamafuna kudzuka mu Seputembala ife tikulowa m'ng'anjo, pomwe mbewu yomera konkuno imazolowera nyengo yathu kuyambira tsiku loyamba. Koma anawo muwauziretu kuti izi si nyemba zoti Lolemba mwafesa Lachisanu zamera.

Dikirani Epulo kapena Meyi kukayamba kuzizira. Njerezo muziviike m'madzi ofunda pang'ono usiku wonse, mmawa muzitsuke, kenako mufese mumphika motalikana ngati chala chimodzi, mukwirire ndi mchenga wokhakhala pang'ono chabe. Zimamera mumdima komanso pozizira, cha m'ma digiri 15, kukatentha kupitirira 20 zimangokhala osamera. Nde mphikawo muuvundikire ndi katoni nkuuika pakona yozizira ya kalasi, dothi lizikhala lachinyezi koma osati chithaphwi. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, nthawi zina kuposerapo makamaka ngati njere zakhalitsa mu envelopu, muona katsamba kamodzi kokha, ndipo mukafukula pambali mosamala mupeza kambatata kakang'ono kowala ngati mkanda. Zikangomera chotsani katoni zione kuwala. Maluwa ndi pakatha zaka 2 kapena 3, ndiye kuti amene afese ali mu kalasi 4 adzaona duwa ali mu 6 kapena 7, musawalonjeze zambiri.

Pa mitundu iwiriyo hederifolium ndiye wolimba mtima. Coum kwawo ndi cha ku nyanja ya Black Sea, mapiri a Caucasus, Bulgaria, Turkey mpaka Lebanon, masamba ake ndi obulungira ngati ndalama yachitsulo, amachita maluwa pakati pa kuzizira kwenikweni, kuno ndiye kuti Juni mpaka Ogasiti, ndipo mizu yake imatulukira pansi osati pamwamba. Sakonda kuuma kwambiri ngati mnzakeyo komanso kutentha kumamusowetsa mtendere msanga. Musawaphatikize malo amodzi chifukwa hederifolium ndi wamkulu thupi, amamuphimba mnzake mpaka kumutha.

Koma phunziro lenileni limene ana angalikonde ndi la nyerere. Duwa likatha, kaphesi kake kamadzipinda kokha ngati sipuling'i nkukokera kachipatso pansi pa masamba, kamakhala pamenepo miyezi mpaka kupsa nkung'ambika. Njere zake zimakhala zomata, zokutidwa ndi tinthu totsekemera, nde nyerere zimabwera kudzanyamula, zikanyambita shugayo njere nkuitaya kwina, mwina mumng'alu wa mwala mwina pa muzu wa mtengo, chaka chamawa mungoona duwa lamera pomwe simunabzale. Ine kanga kopulumuka kaja kanaberekera ana ake kuseri kwa thanki ya madzi, mamita angapo kuchoka pa mango, ndinachita kuima nkumadzifunsa kuti wabzala ndani. Dzina loti cyclamen likuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza chinthu chozungulira. Mitundu yake ilipo yopitirira 20, ndipo Africa nayo ili nayo yake, wina ku Algeria ndi Tunisia, wina anamupeza m'mapiri a kumpoto kwa Somalia m'zaka za m'ma 1980.

China choti mudziwe ngati mphunzitsi, mitundu yonse ya cyclamen ili pa mndandanda wa pangano la CITES loteteza zachilengedwe pa malonda a pakati pa mayiko, chifukwa kale anthu ankakumba timbatata tambirimbiri m'mapiri a ku Turkey nkumakagulitsa ku Ulaya mpaka malo ena kutsala mbee. Nde mukadzafuna kugula timbatata funsani ngati tili tolimidwa ku nazale. Komanso mbewu zodutsa malire, kaya pa Calomue kaya pa Zobue, zimafuna mapepala a zaulimi, musadzati Wakudimba sananene.

Funso: Mwana wanga wazaka zitatu amatola chilichonse nkuika mkamwa, komanso tili ndi nkhumba zimene nthawi zina zimathyola khola. Apongozi akuti timbatata ta duwali tikufanana ndi chinaka. Nzodyedwa? Mayi wa ku Macanga.

Yankho: Ayi amayi, ayi ndithu. Apongozi muwauze mwaulemu kuti chinaka chimachokera ku maluwa ena a m'madambo ndi m'mapiri, alibe ubale uliwonse. Kambatata ka cyclamen kali ndi poizoni, nkowawa koyabwa kukhosi, kamasanzitsa ndi kutsegula m'mimba, ndipo galu kapena mphaka akadya kambiri zimafika poipa. Mwana akaluma muchotseni zotsala mkamwa, mumutsuke, muthamange naye kuchipatala mutatenga chimene wadyacho, zomupatsa mankhwala apakhomo kuti asanze ayi. Mphika ukhale pamwamba pomwe sangafike. Za nkhumba, Azungu akale ankalitchula duwali dzina lotanthauza buledi wa nkhumba poti amati nguluwe zakwawoko zimafukula nkudya, nde zanuzo zikathyola khola dziwani kumene ziyambire. Konzani khola.

Funso: Wakudimba inu mumangokamba za maluwa achizungu. Ine pansi pa bulugamu ndi mpanda wa nkhadze palibe chimamera, ndilibenso mwana ku Joni wonditumizira zinthu. Nditani? Mnyamata wa ku Zobue.

Yankho: Mphwanga wandilasa ndipo sukunama. Bulugamu ndi nkhani ina, amamwa madzi ngati pampu ndipo masamba ake amachedwa kuola, cyclamen pamenepo usayese nkomwe, olo ine sindingataye nthawi. Chimene ndingakuuze nchakuti usalimbane ndi mizu yake, ika miphika kapena matayala akale pamwamba, pansi pake uyalepo mwala wophwatalala kuti mizu ya mtengo isalowemo kudzaba madzi.

Ndipo maluwa opirira mthunzi wouma tili nawo konkuno, kungoti timawapondaponda popita kumunda. Pali lija limatuluka mvula yoyamba ikangogwa, chizimalupsa chikadutsa, mutu wake wofiira wozungulira ngati mpira wa timisingano, limatulukira pansi pa mitengo ndi pa zulu masamba asanabwere, akatswiri amalitcha Scadoxus multiflorus. Limenelo kalendala yake ndi yathu yeniyeni, limagona chilimwe chonse, mvula ikabwera ladzuka, palibe zonyamula kheni mu Julayi. Anyezi wake ndi wapoizoni nayenso nde ana asamaseweretse, ndipo usakakumbe tchire lonse, pempha kamphukira kamodzi kwa amene ali nalo pakhomo kapena utole njere zake zikafiira. Pali kaudzu kaja ka mizere yoyera kamene kamaponya ana ake pa tizingwe, Chlorophytum, kamene mizu yake yonenepa imasunga madzi, mayi aliyense wokonda maluwa ali nako ndipo akupatsa ulere. Lilime la apongozi ndatchula kale. Kumtunda kozizira ngati kwanuko Clivia wa maluwa a olenji, wochokera m'nkhalango za ku South Africa, amachita bwino pansi pa mitengo ndipo amaphuka cha mu Ogasiti ndi Seputembala pomwe pakhomo pali mbuu.

Pa nkhadze pokhapo samala pokumba. Ukadula muzu kapena nthambi utomoni wake woyera uja usakufike m'maso, umawotcha koopsa mpaka munthu osaona kwa masiku, nde usambe m'manja ndi sopo usanagwire kumaso, ndipo bzala patali ndi tsinde ngati phazi limodzi kapena awiri, mbali imene kumafika dzuwa la mmawa.